Dzina la Agogo m'Buku la Ubatizo

Pofufuza mbiri ya agogo athu aakazi, tinapempha abusa kuti atitsegulire buku lakale la ubatizo ku Mvera, kumene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anayamba ntchito mu 1889. Masiku aŵiri tinaŵerenga osawapeza, pakuti pobatizidwa anasiya dzina la makolo natenga la m'Baibulo. Anatithandiza ndi azakhali athu okalamba, amene anakumbukira dzina latsopanolo ndi mudzi wao. Pamenepo tinawapeza, mzere umodzi wokha, inki itafufuluka, ndipo pambali panalembedwa kuti anasamukira ku Salisbury. Za ulendo umenewu sitinamvepo pakhomo pathu. Titawauza azakhali, anakhala chete kanthaŵi, nati kumeneko kunatsala mlongo wao wamkulu, amene sanabwerenso kumudzi. Tsopano talembera kalata mpingo wathu wa ku Harare, Salisbury wakale uja, kufunsa ngati anasiya ana.