Nanzikambe M'kalasi

Kuno ku Mulanje mwana amaphunzira kuopa nanzikambe asanadziwe n'kuwerenga komwe. Makolo amasimba kuti Chauta adatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzauka, koma poti iye amayenda monyang'wa, buluzi adampitirira ndi uthenga wa imfa. Mlandu umenewu sudathebe. Anyamata akampeza pathengo amamgenda, ena amamthira fodya m'kamwa kuti afe pang'onopang'ono.

Ndili Fomu 1, aphunzitsi athu a sayansi, omwenso ankatsogolera kalabu ya zachilengedwe, adalowa m'kalasi atanyamula kanthambi. Pakanthambipo padali nanzikambe wamoyo. Mkuwe wake sindidzauiwala. Anyamata amene ankadzitama kuti adakwerapo Sapitwa ndiwo adayamba kupanikizana pakhomo.

Aphunzitsi sadakalipe. Adangotambasula dzanja, kanyama kaja n'kukwera pamkono pawo, kakugwedezeka ngati tsamba lowombedwa ndi mphepo. Tsono adatiuza kuti tiyandikire, aliyense anene chimene akuona osati chimene adamva. Wina adaona kuti diso lililonse likuyang'ana kwake. Wina adawerenga zala: ziwiri mbali ino, zitatu mbali inayo, zogwira ngati mbano. Chiwala chitayikidwa patsogolo pake, lilime lidatuluka n'kubwerera tisadaphethire. Nthawi yanga itakwana, ndidapereka dzanja mtima ukugunda. Khungu lake lidali louma ndi lokhakhala, ndipo thupi lonse lidali lopepuka modabwitsa. Ululu umene tinkauopa uja alibe.

Phunziro lotere lili ndi malire ake, ndipo aphunzitsi adanenetsa. Mphiri ndi songo sizoseweretsa. Mwana aziphunzire pa zithunzi, ndipo akakumana nazo apatuke. Komatu mwana amene adauzidwa kuti chokwawa chilichonse ndi mdani sasiyanitsa mphiri ndi nanzikambe, amangotola mwala basi. Nanzikambe wathu uja tidakamubweza pachitsamba chomwe adamtengapo belu lowerukira lisanalire.

Amene tidamgwirayo adali wamba, wopezeka paliponse m'Malawi muno. Koma phiri lathu lili ndi nanzikambe wakewake, amene sapezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Katswiri wa zokwawa, Donald Broadley, ndiye adayamba kumulemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1965. M'chaka cha 2006 akatswiri ena adamuika m'gulu latsopano nalitcha Nadzikambia, dzina lotengedwa m'Chichewa chathu chomwechi. Taganizani, dzina limene ife timaopsezera ana likutchulidwa mwaulemu m'masukulu aukachenjede akutali!

Nanzikambe ameneyu amakhala m'nkhalango zobiriwira chaka chonse, makamaka m'chigwa cha mtsinje wa Ruo, kumtunda kwa minda ya tiyi. Nkhalangozi zachepa chifukwa cha nkhwangwa ndi moto, kotero iye ali m'gulu la nyama zomwe zingathe kutheratu. Akatswiri aja amabwera mwa kamodzikamodzi. Amene amakumana naye kawirikawiri ndi mwana wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, popita kukatola nkhuni.