Chuku cha m'chimanga ndi mankhwala a khansa



Mwina munamvapo kuti asayansi akufufuza mankhwala a khansa m'chuku chimene chimagwira tirigu ndi chimanga. Nkhaniyi si yabodza. Vuto n'lakuti imatifika itadulidwa mutu ndi mchira, ndipo m'banja lomwe muli wodwala, nkhani yoduka chonchi ikhoza kuvulaza munthu. Ife timasamala zakudya, timakonda zamasamba, ndiye mawu akuti "mankhwala achilengedwe" sachedwa kutilowa mumtima. N'chifukwa chake ndati lero tiione bwinobwino.

Pali mtundu wa chuku wotchedwa Fusarium umene umaoletsa ngala za tirigu ndi zisononkho za chimanga. Chukuchi chimapanga timankhwala tosiyanasiyana, ndipo tiwiri tomwe ofufuza amatitchula kawirikawiri ndi enniatin ndi beauvericin. Timeneti timalowa m'khungu la selo n'kumalowetsa kapena kutulutsa mchere monga potaziyamu ndi kashiyamu mosatsata dongosolo la thupi. Zikatero mphamvu ya selo imasokonekera mpaka seloyo imadzipha yokha. M'labotale zaoneka kuti maselo a khansa oleredwa m'mbale amafa akathiridwa timankhwalati. Mpaka apa nkhani n'njokoma.

Koma mbale ya m'labotale si thupi la mayi anu. Ife a makompyuta timadziwa kuti pulogalamu yoyenda bwino pa kompyuta yoyeserera ikhoza kugwetsa ofesi yonse tsiku loyamba. Timankhwala tomweti timaphanso maselo abwinobwino, ndipo mpaka lero palibe ngakhale kamodzi komwe kanavomerezedwa kukhala mankhwala a khansa.

Njirayi anthu anaiyendapo kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, madokotala ku America anayesa pa odwala khansa mankhwala otchedwa anguidine, ochokeranso ku Fusarium. M'labotale ankaoneka olonjeza. Kwa anthu anabweretsa kusanza, kutentha thupi ndi kutsika kwa kuthamanga kwa magazi, pamene zotupa sizinaphwe mokwanira. Anawasiya.

Sindikunena kuti kafukufukuyu n'ngwachabe. Chuku china, Claviceps purpurea, chimagwira mbewu ya rye ku Ulaya, ndipo kalelo chinkapha anthu ambiri odya buledi wa ufa wake. Ena ankaola zala ndi miyendo, ena ankagwa khunyu. M'chuku chomwecho, mu 1935, munapezeka ergometrine, yemwe mpaka pano amathandiza kuletsa kutaya magazi kwa amayi akangobereka. Munachokeranso ergotamine wa mutu waching'alang'ala, komanso bromocriptine amene amaphwetsa zotupa zina za kachiwalo ka pansi pa ubongo. Koma taonani kusiyana kwake. Wodya ufa wachuku ankafa. Wolandira mankhwala osungunulidwa bwino, pa mlingo woyezedwa, amachira. Pakati pa ziwirizi pali zaka zambiri za ntchito.

Tsono mbali imene ikutikhudza ife lero lomwe ndi iyi: chuku cha m'zakudya chimadziwika kwambiri ndi kuyambitsa khansa, osati kuchiza. Mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Apa m'pamene panadziwikira poizoni wa aflatoxin, wopangidwa ndi chuku cha Aspergillus flavus chomwe chimakonda mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoniyu amayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Akachuluka amapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipitsidwa. Nacho chuku cha Fusarium chili ndi poizoni wake, fumonisin, amene asayansi a ku South Africa anamutulukira mu 1988 pofufuza chifukwa chimene khansa ya kummero inachulukira ku Transkei. Akatswiri amamuika pa gulu la zinthu zokayikiridwa kuti zingayambitse khansa. Ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ili yochuluka kwambiri pa dziko lonse.

Ambirife timatumiza ndalama ya feteleza kumudzi chaka ndi chaka. Kodi timafunsako za kaumitsidwe ka chimangacho? Mukamaimba foni nyengo yokolola, afunseni amayi ngati chimanga chauma ndithu chisanalowe m'matumba, ngati achiyanika pa mphasa kapena pa tenti osati padothi, ngati matumba sakukhudza pansi kapena khoma lonyowa. Njere zoola, zosintha mtundu ndi zofumbwa azisankha n'kutaya. Zisapite ku chigayo poti ufa ubisa, zisapitenso ku ziweto. Kuphika sikuchotsa poizoniyu, phala lingawire bwanji. Kukonola ndi kuviika kumamuchepetsa, chifukwa wambiri amakhala m'madeya. Ife okonda mgaiwa, womwe ulidi ndi thanzi, tikuyenera kukhala oyamba kusamala kuti chimanga chake n'choyera. Chimodzimodzinso nsinjiro ndi chiponde: mtedza wofota ndi wowawa si wosinja.

Kwa inu amene muli ndi wodwala khansa m'nyumba, ndikudziwa kuti mtima umagwira chilichonse chooneka ngati chingwe. Mukamva kuti chakuti chapha maselo a khansa, funsani mafunso atatu. Anayesa m'mbale, pa mbewa, kapena pa anthu? Maselo abwino anatani? Ndani wavomereza kuti agwiritsidwe ntchito? Wina akakugulitsani botolo pogwiritsa dzina la kafukufukuyu, mulitengere kwa dokotala wodwalayo asanamwe, pakuti zina zimalimbana ndi mankhwala a kuchipatala. Ndipo chonde, wodwala asasiye chithandizo chimene akulandira chifukwa cha nkhani yomwe ikadali m'labotale.

Tsiku lina enniatin kapena m'bale wake akhoza kudzafika pa shelefu ya chipatala monga anafikira ergometrine. Tidzakondwera limodzi. Pakadali pano, tiumitse chimanga, tisankhe mtedza, tiyezetse hepatitis B, ndipo odwala athu tiwaperekeze kuchipatala pa tsiku lawo.

Mupume bwino, abale.