Lita Yosaoneka ndi Maso

Mayi akapita ku msika kukagula chimanga, maso ake amakhala pa ndowa. Amaona ngati ndowayo ili yophwanyika kunsi, amaigwedeza kuti chimanga chitsendereke, ndipo wogulitsa akachita kaliuma podzaza, mayiyo sachita manyazi kunena kuti, "Onjezani bambo, sinadzaze." Wogula nyama nayenso amayang'anitsitsa singano ya sikelo. Koma pali katundu mmodzi amene timalipira ndalama zambiri osamuona n'komwe, ndiye mafuta a galimoto. Amachoka m'thanki yokwiriridwa pansi, nadutsa m'paipi yakuda, naloŵa m'thanki ina yamdima. Chimene maso athu amaona ndi manambala othamanga pa galasi, ndipo manambalawo akaima timapisa dzanja m'thumba. Ndimadabwa nako kufatsa kwathu pa malo omwetsera mafuta, ife anthu omwe timakangana pa msika chifukwa cha phwetekere mmodzi.

Kale sizinali choncho. Imodzi mwa mapampu oyamba oyesera mafuta adaipanga Sylvanus Bowser ku Fort Wayne, m'dziko la America, m'chaka cha 1885, ndipo inali yogulitsira palafini wa nyale m'sitolo. M'zaka za m'ma 1920 mapampu ambiri anali ndi mtsuko waukulu wagalasi pamwamba, wolembedwa mizere ya magaloni. Womwetsa ankapopa ndi dzanja mpaka mtsukowo utadzaza, wogula n'kuona mtundu wa mafutawo ndi kuchuluka kwake, kenaka mafuta n'kutsikira m'galimoto iye akupenya. Inali njira yochedwa, koma yofanana ndi ndowa ya ku msika ija. Pamene galimoto zidachuluka anthu adafuna changu, mtsuko wagalasi udachotsedwa, ndipo m'malo mwake mudaloŵa chipangizo chobisika m'mimba mwa pampu, chimene amisiri amachitchula kuti mita.

Mita imeneyi ndi chitsulo chosaposa mphika wa ndiwo kukula kwake. M'mapampu ambiri m'kati mwake muli tizipinda tinayi, ndipo m'kachipinda kalikonse muli pisitoni yoyenda uku ndi uku. Mafuta akabwera ndi mphamvu amadzaza kachipinda kamodzi nakankha pisitoni yake, pamene kachipinda kena kakukhuthulira mafuta ake m'paipi yopita ku galimoto. Mapisitoni anayiwo amathandizana kuzunguza kachitsulo kamodzi kapakati, ndipo m'mamita ambiri kakazungulira kamodzi ndiye kuti patuluka pafupifupi theka la lita. Tsono ntchito ya mita ili yonga ya munthu wotunga madzi ndi chikho chimodzi osatopa, akuŵerenga zikho zimene watunga. Kale kuzungulirako kunkayendetsa timagudumu ta manambala. Masiku ano kumatumiza tizizindikiro ta magetsi ku kakompyuta kamene kamachulukitsa malita ndi mtengo. Nkhani yonse yagona pa kukula kwa chikhocho. Pa mita pali kagudumu kosinthira mtunda umene pisitoni imayenda, ndipo m'mapampu atsopano kusinthako kumachitikira m'kakompyuta kaja. Mmisiri akapotoza pang'ono, chikho chakula kapena chachepa, manambala ali chithamangire monga kale.

Mita ili ndi chilema chimodzi chachikulu: siisiyanitsa mafuta ndi mpweya. Chilichonse chokankha pisitoni, iyo imachiŵerenga. N'chifukwa chake mafuta asanafike pa mita amayamba adutsa pa sefa yogwira dzimbiri ndi zinyalala, ndiponso pa chipangizo chotaya mpweya. Apa mpamene ntchito ya oika mapampu imalemera kuposa m'mene anthu amaiganizira. Ndidaonererapo amisiri akumanga malo omwetsera mafuta m'mbali mwa msewu umene ndimadutsa popita ku midzi, ndipo chidandikhudza n'chakuti ntchito yonse yofunika idatha anthu odutsa asanayambe n'kucheuka komwe. Thanki amaikhazika m'dzenje pa mchenga, naimangirira zolimba kuti madzi a dzinja angaiyandamitse ikakhala yopanda kanthu. Paipi amaigoneka motsetsereka pang'ono kuloza ku thanki, kuti mpweya usapeze pokhala m'njira. Akalumikiza mapaipi amapoperamo mpweya, nadikira kuona ngati singano ya geji itsika. Mawaya a magetsi amaŵateteza kuti angathetheke moto pafupi ndi nthunzi ya petulo. Zitatha izi amathira konkire, napaka utoto, naimika denga loŵala limene ife timalitama. Koma polumikiza pamodzi pakakhala pofooka, pampu yoyamwa mafuta m'thanki imayamwa mpweya womwe, ndipo chotaya mpweya chija chikafa, banja lina lidzagula mphepo pa mtengo wa petulo. Penanso mafuta amadontha mwakachetechete zaka zambiri mpaka kufika m'zitsime za anthu oyandikana nawo. Palibe amene adzakumbe konkire kuti afunse dzina la mmisiri amene adamanga pamenepo.

Pampu yatsopano siiyenera kugulitsa ngakhale dontho isanayesedwe. Kuno kwathu ntchito imeneyi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1972. Woyesa amabwera ndi chitini chachitsulo cha malita 20, cha khosi lalitali lokhala ndi kagalasi ka mizere, kotero kuti kusiyana kwakung'ono kumaoneka msanga. Amadzaza mothamanga, nadzazanso pang'onopang'ono, popeza mita ina imanena zoona pa liŵiro koma n'kunama mafuta akamayenda mochedwa. Malangizo amene maiko ambiri amatsata amalola kuphonya kosapitirira mamililita 100 pa malita 20, ndiye kuti osakwana theka la kapu ya tiyi. Akakhutira amamanga posinthira paja ndi waya, natsekera ndi chidindo, namata pepala pa pampu. Kawaya kameneko ndiko kadaloŵa m'malo mwa maso a wogula. Inu ndi ine, aŵerengi okondedwa, zatitsalira n'ziŵiri zokha: kuona kuti manambala ayambira pa ziro, ndi kufunafuna pepala la oyesalo.

Wina angafunse kuti, kodi timadontho totere n'kanthu? Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tiyerekeze mapampu opereŵeza lita imodzi pa malita 100 alionse, pa malo ogulitsa malita 5,000 pa tsiku. Pofika madzulo malita 50 alipiridwa osaloŵa m'galimoto ya munthu aliyense, ndipo palibe mmodzi mwa ogulawo amene wamva kuŵaŵa. Mneneri Amosi adadzudzula amalonda a nthaŵi yake ochepetsa muyeso wa tirigu ndi kupotoza sikelo. Iwo aja ankafunika dzanja lochenjera ndi nkhope yolimba pamaso pa wogula, pamene lero kagudumu kamodzi kangathe kuchita zonsezo mwini wake ali kunyumba akudya nsima. Komabe tisafulumire kuloza chala. Mita ikakalamba mapisitoni amaperepeseka, mafuta ena n'kumazembera m'mbali osaŵerengedwa, kotero kuti kaŵirikaŵiri pampu yosasamalidwa imabera mwini wake yemwe. Woyesa uja amateteza onse aŵiri, ngakhale si eni malo onse amene amakondwa pomuona akutsika ndi chitini chake.

Kutentha nakonso kumaloŵererapo, pakuti petulo amafufuma pafupifupi lita imodzi pa malita 1,000 pa digiri iliyonse. Mafuta amene atenthedwa ndi dzuŵa pa ulendo wochokera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam amachepa akazizira pansi pa nthaka, ndipo wodandaula ndi mwini malo. Koma anzanga amene amalaŵirira tambala woyamba kuti akagule mafuta ozizira amangotaya tulo, chifukwa pansi pa nthaka m'maŵa ndi masana sizisiyana kwenikweni.

Amene ndimaŵaganizira kwambiri ndi ogula pang'ono. Pa mapampu ambiri pamalembedwa muyeso wochepetsetsa umene pampuyo ingapereke mokhulupirika, kaŵirikaŵiri malita 2 kapena 5. Chifukwa chake n'chakuti paipi ya labala imafufuma pang'ono mafuta akaipanikiza, ndipo poyamba ndi pomaliza pa kumwetsa kulikonse pamakhala kuphonya kochepa, kumene pa thanki yodzaza sikuoneka koma pa lita imodzi kumakula. Mnyamata wa njinga yamoto ya kabaza, amene amagula mafuta a ulendo uno ndi ndalama ya ulendo wapitawo, amakhalira kugula m'munsi mwa muyeso umenewo tsiku lonse. Pamene mafuta adasoŵa m'dziko muno, mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi 2024, iye pamodzi ndi mwini chigayo adathaŵira kwa ogulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Kumeneko mafuta ankaonekadi ndi maso, m'botolo loonekera m'kati monga mtsuko wagalasi wakale uja. Koma botolo lake linali lofinyidwa m'chiuno, mtengo wake woŵirikiza, petulo wake mwina wosakaniza ndi palafini, ndipo panalibe woyesa amene adalimangapo waya.