Msonkho Uziyang'ana Ntchito ya Mpingo, Osati Chikwangwani Chake

Akonzi,

Ndikulemba kuchokera ku Maselema, pakati pa Chichiri ndi Limbe, pamene msewu wa Masauko Chipembere umadutsa pakati pa mafakitale, magalaja ndi nyumba zosungiramo katundu. M'mamawa anthu a ku Bangwe, Ndirande ndi Machinjiri amakhamukira kuno kuntchito, ena pa minibasi, ambiri wapansi. Amenewa ndiwo salumpha msonkho. Wapantchito amamudula malipiro asanafike m'manja. Mayi wa tomato amadula tikiti ya mumsika tsiku ndi tsiku, malonda ayende asayende. Akagula mayunitsi a magetsi kapena malata, msonkho wa VAT uli momwemo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo itakwera, msonkho wa pa katunduwo unakwera nayo limodzi.

Nanga mwini nyumba zambiri za lendi, amene amalandira ndalama pamanja popanda lisiti? Nanga wogula mapuloti n'kungomanga mpanda, kudikira kuti mtengo ukwere, anzake akupanikizana m'chipinda chimodzi ku Zingwangwa? Khonsolo ya mzinda wa Blantyre imadandaula kuti eni malo ambiri salipira msonkho wa nyumba, ndipo ife timaonera pa ngalande zotsekeka ndi zinyalala zosawoledwa. Ine ndikuti nyumba yachiwiri, yachitatu, ndi puloti yongokhala zizilipira kuposa nyumba imene munthu amagonamo ndi ana ake.

Tsopano nkhani imene ambiri timaiopa. Ndine mkhristu ndipo chakhumi ndimapereka ndi mtima wonse. Lamulo la msonkho limakhululukira mipingo ndi mabungwe achifundo otumikira anthu onse, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Mzinda uno unakulira pa Mishoni ya Blantyre ya mu 1876, yomwe inabwera ndi sukulu ndi chipatala. Mpaka lero zipatala za mipingo za pansi pa CHAM, monga Mlambe ku Lunzu ndi Nguludi ku Chiradzulu, zimasenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno. Namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, akhristu ndi asilamu anasonkha ufa, zofunda ndi zovala. Ntchito yotereyi asaikhudze.

Koma pansi pa dzina lomwelo pabisala zina. Pali maholo ochititsa maukwati Loweruka lililonse, malo ogona alendo, mashopu a lendi, sukulu za fizi yoti mwana wa mlonda sangaiyandikire. Mwini holo wamba amalipira msonkho ku bungwe la MRA. Ndalama za holo ya mpingo zikathiridwa m'mbale imodzi ndi chopereka cha Lamulungu, adzazilekanitsa ndani? Kulinso mipingo yopanda akulu a mpingo, yopanda msungichuma, kumene thumba la mpingo ndi la m'busa ndi limodzi. Amayi athu amapereka za mandasi, abusa n'kusintha galimoto. Zimandiwawa, chifukwa zikunyozetsa abusa ambiri oona amene amayenda wapansi kukaika maliro.

Mabungwe omwe si aboma nawonso atiuze: galimoto zolowa popanda msonkho zikugwiradi ntchito imene analembetsa? Mabungwewa lamulo limawalamula kale kupereka malipoti a chuma chaka ndi chaka ku bungwe lowayang'anira la NGORA.

Pempho langa kwa aphungu athu a mu Blantyre ndi ili: pokambirana bajeti ikubwerayi, akhazikitse kuti mpingo kapena bungwe lofuna kukhululukidwa lizionetsa mabuku owerengedwa ndi akatswiri, bizinesi payokha, chopereka pachokha, ndipo bizinesiyo izilipira ngati ina iliyonse. Ifenso akhristu tipemphe asungichuma athu kuti aziwerenga lipoti la ndalama pamaso pa mpingo wonse, kuphatikizapo za holo ndi za lendi.

Ine wanu,
Wokhala ku Maselema