Ku Chumbe, Kumene Ana Aphunzira Nkhope Ili M'madzi

Cilankhulo cathu cimachedwa Cinyanja, koma ambiri a ife tidzakalamba osaionako nyanja yaikulu ya madzi amcere. Dziko lathu la Zambia lazingidwa ndi maiko ena kumbali zonse, ndipo mwana wa ku Katete kapena wa ku Matero amakumana ndi nyanjayo pa mapu a m'kalasi cabe. Paja akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwezi uno, awerengi okondedwa, tikutengani paulendo wa ku kacisumbu ka Chumbe ku Zanzibar, kumene tinaona njira ina yophunzitsira ana kusamala nyanja.

Ulendo wake ndi wautali. Njanji ya TAZARA, imene inamalizidwa mu 1975, iyambira pa Kapiri Mposhi nkukathera ku Dar es Salaam, mtunda wa makilomita 1,860. Kucokera ku Dar es Salaam, combo caliwiro cimatenga ngati maola awiri kukafika ku Zanzibar. Kumeneko munthu amakweranso kabwato ka injini, kamene kamalowera cakummwera, ndipo ola lisanakwane Chumbe amayamba kuonekera. Coyamba kuoneka ndi nsanja yoyera ya nyali younikira zombo, yomangidwa mu 1904. Pafupi pake pali kamzikiti kakang'ono kamene ankapempheramo osunga nyaliyo.

Kacisumbuka n'kakang'ono, kutalika kwake ngati kilomita imodzi. Palibe mtsinje, palibe citsime, palibe mudzi. Nthaka yake ndi mwala wokhakhala, koma pamwalapo pamera nkhalango yothithikana. M'nkhalangomo mukhala nkhanu zazikulu zodabwitsa, zotha kukwera mtengo ndi kuswa kokonati ndi zipani zao. Mukhalanso kagwape kamanyazi ka mtundu wosowa kwambiri padziko lonse. Komabe cuma ceniceni ca Chumbe cili pansi pa madzi, kumadzulo kwa cisumbu.

Kumeneko kuli cimene Aswahili amacha matumbawe, ndipo Azungu amati korali. Ukaciona uyesa ndi miyala yamaluwa, ina yonga nyanga za nswala, ina yonga bowa, ina yonga ubongo wa munthu. Koma si miyala wamba ai. Imamangidwa ndi tizilombo tating'ono tamoyo, tokhala pamodzi miyandamiyanda, kalikonse m'kanyumba kake ka laimu. M'matupi mwa tizilomboti mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa, nkumagawana ndi eni nyumba. Mitundu ina ya korali imakula sentimita imodzi yokha pa caka. Tsono mwala wofika m'ciuno mwa munthu wamkulu ungakhale unayamba kumera agogo athu asanabadwe. Padziko lonse malo a korali sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja, koma pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu inai iliyonse ya zamoyo za m'nyanja umadalira malowa. Ndimo nsomba zimabisala, zimadya ndi kuswana. Pa Chumbe pokha anawerengapo mitundu ya korali yoposa 200 ndi ya nsomba yoposa 400.

Cinthu comangidwa pang'onopang'ono cotere cimaonongeka msanga. Kwa zaka zambiri asodzi ena a m'gombe la Tanzania ankaponya mabomba m'madzi kuti atole nsomba zakufa, nasiya korali ali zidutswazidutswa. Nangula wa bwato amathyola, khoka lokokedwa pansi limazula. Madzi akatentha kuposa masiku onse kwa masabata angapo, tizilombo tija timalavula ndere zathu zija, korali nkuyera mbee ngati mafupa, ndipo kutenthako kukapitirira amafa. Zimenezi zinacitika kwambiri m'nyanja ya Indian Ocean mu 1998 ndi mu 2016.

Mai wina wa ku Germany, Sibylle Riedmiller, amene anagwira nchito za maphunziro ku Tanzania, anaona kuti ana a m'mbali mwa nyanja sankaphunzira kanthu za korali kusukulu, ndi kuti anthu ambiri ankamuyesa mwala wopanda moyo. Mu 1991 anayamba kukambirana ndi boma la Zanzibar, ndipo mu 1994 boma linalengeza kuti madzi a kumadzulo kwa Chumbe ndi malo otetezedwa. Kuyambira pamenepo kusodza ndi kuponya nangula n'koletsedwa. Alonda oyamba anatengedwa pakati pa asodzi a m'midzi yapafupi. Iwowa sanyamula mfuti. Cida cao ndi pakamwa: amapita kwa msodzi mnzao nkumufotokozera kuti nsomba zoswana m'malo otetezedwa zikaculuka zimasefukira kunja, kumene iye aloledwa kuponya mbedza. Bwato la msodzi likaonongeka panyanja, ndi alonda omwewo amathamangira kukathandiza.

Pacisumbupa pali tinyumba tocepa ta alendo, tofolera ndi makuti a kanjedza. Madzi ake ndi a mvula, osungidwa pansi pa nyumba, ndipo magetsi ake ndi a dzuwa. Ndalama zimene alendo amalipira ndizo zimalipira alonda, ndizonso zimabweretsa ana a sukulu za ku Zanzibar kudzaphunzira kwaulere, pamodzi ndi aphunzitsi ao.

Phunziro lake silimayambira pa bolodi. Ambiri mwa anawa, makamaka atsikana, sadziwa kusambira, ngakhale kuti anabadwira pafupi ndi nyanja. Alonda amawaveka zovala zoyandamitsa, magalasi a kumaso ndi kapaipi kopumira. Amayamba nao pa madzi a m'maondo mpaka mantha atatha, kenaka amawagwiritsa cinthu coyandama cimene mlonda amakoka pang'onopang'ono pamwamba pa korali. Atsikana amalowa m'madzi atavala modzilemekeza monga mwa mwambo wa kwao. Mwana amagoneka nkhope yake m'madzi, ndipo pansi pake pamatseguka mudzi wathunthu: nsomba zobiriwira za milomo yonga ya mbalame zikukukuta mwala nkutulutsa mcenga, tinsomba tacikasu tikuyenda m'magulu, mwina kamba wa m'nyanja akudutsa mosafulumira. Lamulo ndi limodzi: yang'ana, usakhudze, usaponde. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatuluka m'madzi amayenda m'nkhalango ndi m'gombe. Amatola mabotolo ndi nsapato zakutha zimene mafunde abweretsa kucokera kutali, popeza pa Chumbe palibe wozitaya. Amamva kuti kamba amameza jumbo ya pulasitiki poiyesa cakudya, nkufa nayo m'mimba. Pamenepo mpamene mwana amamvetsa cifukwa cake Tanzania inaletsa majumbo otere mu 2019.

Ife amene takhala zaka zambiri tikuphunzitsa ana pansi pa mitengo ndi m'makalasi tinatolapo mfundo imodzi. Mwana sasamala cinthu cimene sanacione. Mungamulembetse m'kope kakhumi kuti kuononga nyanja n'koipa, adzakhoza mayeso, mawa lake nkuiwala. Koma amene waona ndi maso ake nsomba ili pakhomo pa nyumba yake, akadzakula nkugwira nkhafi, dzanja lake lidzalemera kuponya bomba pamalopo. Ana a ku Chumbe ndiwo asodzi a mawa, ogulitsa nsomba a mawa, ndiponso makolo a mawa. M'mera mpoyamba.

Wina anganene kuti zimenezi n'za eni nyanja, ife sizitikhudza. Tiyeni titsate madzi athu. Mvula yogwa ku Chipata imatsikira m'timitsinje topita ku Luangwa. Luangwa amathira mu Zambezi pa boma la Luangwa, moyang'anana ndi Zumbo. Zambezi amadutsa Cahora Bassa ndi Tete, nkukalowa mu Indian Ocean ku Mozambique, nyanja yomweyo imene imazinga Chumbe, ngakhale kuti cisumbuco cili kutali kumpoto. Dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa mitsinje, mankhwala ndi mabotolo otayidwa m'ngalande, zonse zimayamba ulendo wolowera komweko.

Ndiponso matenda a nyanja yamcere ndi omwewo a madzi athu. Boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lino kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Komabe alipo amene amasodza usiku m'miyezi imeneyo, alipo amene asandutsa neti ya udzudzu kukhala khoka lokokolola ndi mazira omwe, alipo amene amathira mankhwala m'dziwe. Nsomba zikatha, woyamba kulira ndi mwana amene nsima yake idzasowa ndiwo.

Si sukulu iliyonse ingapeze ndalama za ulendo wa ku Zanzibar, koma palibe sukulu yopanda dambo, mtsinje kapena damu pafupi. Makolo ndi aphunzitsi anzathu, sankhani tsiku limodzi m'cilimwe, madzi atacepa, ndi malo amene akulu a m'mudzi akudziwa kuti mulibe ng'ona. Itanani msodzi wokalamba apite nanu. Ana akhale cete pagombe, aone tiana ta nsomba m'bango, awerenge mitundu imene aiona, afunse mkuluyo maina a nsomba zimene zinaliko iye ali mnyamata koma lero sizionekanso. Pobwerera aliyense anyamule zinyalala zimene watola. Mphunzitsi akatsegule mapu, mwana aike cala pa mtsinje wa kwao, autsate mpaka kumene ukathira m'nyanja.