KU KAMUSHANGA, KUMENE NJINGA ZAMOTO ZAKALE ZIDZUKANSO

Munthu akanyamuka ku Lusaka kulowera kumpoto, ayenda makilomita pafupifupi 140 asanafike ku Kabwe. Mzinda umenewu kale unali kuchedwa Broken Hill. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko m'caka ca 1902, njanji inafika mu 1906, ndipo anthu a mitundu yosiyanasiyana, pamodzi ndi abale athu a kum'mawa, anakhamukirako kukafuna nchito. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma luso la kukonza zitsulo linatsala m'manja mwa anthu a m'makomboni. Imodzi mwa makomboniwo ndi Kamushanga.

Cimene cinanditengera kumeneko ndi njinga yamoto ya amalume anga a ku Katete, Honda C90 imene anagula m'zaka za m'ma 1970 pamene anali mlangizi wa zaulimi. Njingayo ndiyo inyamula odwala a pamudzi kupita nawo kucipatala. Itafa, amalume anagulitsa mbuzi ziwiri nandituma kuti ndikagule pisitoni. Ndinagula m'sitolo ina, pa bokosi patalembedwa bwino lomwe kuti C90. Koma poiika inangogwedera m'silinda ngati munsi mu mtondo.

Mnzanga wina anandilangiza kuti ndikaonane ndi makanika wokalamba wa ku Kamushanga. Ndinawapeza patsinde pa mtengo wa mango, atazingidwa ndi mainjini ong'ambula, ana a sukulu akuonerera capatali. Nditawapatsa moni, ndinatulutsa silinda ndi pisitoni m'thumba. Anazipima ndi cipangizo cao, naseka pang'ono.

"Mwana wanga, dzina ndi limodzi, koma injini ndi ziwiri," anatero mdalayo.

Anandifotokozera kuti C90 yakale iri ndi silinda ya mamilimita 50 m'mimba mwake. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Honda inasintha injiniyo, ndipo silinda ya C90 yatsopano inacepa kufika mamilimita 47. Pisitoni yangayo inali ya injini yatsopano. Wogulitsa sananame, koma ine sindinanene caka ca njinga. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kusiyana sikuthera pa pisitoni pokha. Njinga zakalezo ziri ndi magetsi a mavoti 6, ndipo moto wa pulagi ucokera ku mapointi amene atseguka ndi kutsekeka injini ikamazungulira. Zatsopano ziri ndi mavoti 12 ndi kabokosi kochedwa CDI. Babu la mavoti 6 mukaliika pa njinga ya mavoti 12, lipsa nthawi yomweyo.

Mdalayo anandionetsanso injini ziwiri za Honda zooneka ngati mapasa. Ina inali ya CG125, imene inayamba kupangidwa mu 1975 kaamba ka maiko a miseu yabvuto monga lathu. Mavavu ake akankhidwa ndi timitengo tacitsulo. Inzake inali ya XL125, imene mavavu ake ayendetsedwa ndi cheni ca m'kati mwa injini. Zonse ndi za 125, koma mutu wa injini ina sugwira nchito pa inzake. Cimodzimodzinso Yamaha AG100 ndi AG200, zimene alimi azidziwa bwino: yoyambayo itentha mafuta a injini pamodzi ndi petulo, yaciwiriyo ai, ndipo za m'kati mwake sizibwerekana.

Kenaka anatsegula bokosi lacitsulo, nafufuzamo kwa nthawi ndithu, mpaka anatulutsa pisitoni ya mamilimita 50.50 ndi maring'i ake. Anati silinda ikaperepeseka iyenera kuboolanso, ndipo mapisitoni okulirapo amapangidwa m'masaizi oonjeza 0.25, 0.50, 0.75 ndi 1.00. Silinda ya amalume tinaipereka kwa oboola m'tauni. Poyembekeza ndinakapuma pansi pa mkuyu waukulu uja wa pakati pa mzinda, umene apaulendo akale anali kusonkhanapo. M'mawa mwake pisitoni inalowa mothina bwino.

Inu awerengi a kumudzi amene musunga njinga zakale, musanatume mwana kutauni citani izi. Lembani papepala nambala ya injini, imene inadindidwa pa citsulo ca injiniyo, pamodzi ndi nambala ya pa felemu. Nenani ngati njinga ndi ya mavoti 6 kapena 12. Citsulo cakufa musataye, cinyamuleni kuti cikapimidwe pamodzi ndi catsopano musanapereke ndalama.

Ndinacoka ku Kamushanga dzuwa litapendeka, thumba langa likulemera monga linabwerera. Pisitoni yolakwika ija ndinaisiyira mdalayo. Anaikulunga m'nsanza ya mafuta naiika m'bokosi, nati tsiku lina mwini wake adzabwera.