Kope la malume wa ku Machinjiri

Lolemba

Ndagula kope ili chifukwa mutu wanga sukusunga zonse. Mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala naye kuno ku Machinjiri chimwalirireni mayi ake, ali ndi khanda. Mnyamata amene ankadzaima kumpanda madzulo aliwonse tsopano akuti mwanayo sakumudziwa. Abale onse maso ali pa ine: "Inu ndinu amalume, mwini mbumba, muone chochita." Ine ntchito yanga ndi yopala matabwa. Zamalamulo ndimangomvera pa wailesi.

Ndinakula ndikumva kuti ana ndi akuchikazi, mwamuna ndi tambala wobwereka basi. Ndiye poyamba ndimati tingopita kwa makolo a mnyamatayo, alipire chindapusa cha mimba, mwanayo tilere tokha. Koma kumudzi malume ankalera mbumba ali ndi munda ndi nkhokwe. Kuno ndili ndi lendi, madzi ogula pa kiyosiki ndi ana anga atatu.

Lachinayi

Mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene anaphunzirako zothandiza anthu pa milandu, wandibwereka mapepala. Chingerezi chake ndi cholimba, ndiye tawerenga limodzi pakhonde, iwo akumasulira, ine ndikulemba.

Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko likuti mwana aliyense ndi wofanana ndi mnzake, kaya anabadwa motani, ndipo ayenera kulandira chithandizo kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, analekana kapena sanakwatiranepo. Mawu omalizawo ndawalemba mzere kunsi. Ine ndimaona ngati popanda chinkhoswe palibenso polowera. Kuyambira 2017 malamulo omwewo amati mwana ndi aliyense wosafika zaka 18, kotero nkhaniyi si ya matewera okha, ifika mpaka fizi ya ku sekondale.

Kenako pali lamulo la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, Child Care, Protection and Justice Act. Ili ndi limene lili ndi njira yake. Bwalo la milandu ya ana limayamba laona kuti bambo ndani, kenako n'kugamula za ndalama.

Loweruka

Lero ndakhalira pa umboni, chifukwa ndi pamene pakundiopsa. Ndinkaganiza kuti popanda kuyeza DNA palibe mlandu. Ayi ndithu. Bwalo limaonanso dzina la kholo lolembedwa m'kaundula wa ana obadwa, mwambo uliwonse umene mwamunayo anachita ngati bambo wa mwana, komanso ngati anthu ambiri amadziwa kuti mwanayo ndi wake. Ndipo munthu akauzidwa kuti akayezedwe iye n'kukana, kukanako bwalo limakuwerengera ngati umboni.

Apa ndamwetulira pang'ono. Mayi ake a mnyamatayo anabwera kuchipatala ndi beseni ndi zitenje ziwiri, azimayi a pamzere pathu akuona. Dzina la mwanayo anatchula ndi iwo omwewo. Ndamuuza mtsikanayo kuti asafufute uthenga uliwonse wa pa WhatsApp, ngakhale wachipongwe, ndiponso asunge mauthenga a Airtel Money a ndalama zimene ankatumiziridwa ali woyembekezera. Wandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti, "Amalume, ena mwa mauthengawo si owerenga inu." Ndati sindiwerenga ine, akawerenga ndi a majisitireti ngati kudzafunike.

Lachiwiri

Tinapita kwa makolo a mnyamata, ine ndi mkulu wanga. Anatilandira bwino, mipando anatipatsa. Bambo ake anati, "Achimwene, zakukhoti zimadanitsa. Tikambirane pachibale." Mawuwa anandilowa, chifukwa nanenso khoti ndimaliona ngati malo a akuba. Koma titafunsa kuti pachibalepo pakhala zingati pamwezi, nkhani inasanduka ya kukwera kwa mtengo wa chimanga. Mnyamata mwini wake sanatuluke n'komwe.

Pobwerera mu minibasi ndinaganiza kuti mwambo wathu wa kuchikazi anyamata a m'tauni amaukumbukira pa chinthu chimodzi chokha, pothawa udindo. Mkamwini weniweni ankalima munda wa apongozi, ankamanga nyumba kwawo kwa mkazi. Mpaka lero makhoti amalamula mwamuna wa ukwati wa chikamwini kumangira mkazi nyumba banja likatha. Mbali imeneyo palibe amaitchula.

Lachisanu

Ndadutsamo mwachangu m'lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act. Lambiri silikutikhudza chifukwa awiriwa sanakhalepo nyumba imodzi. Likuti anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5 bwalo likhoza kuwatenga ngati banja, ngakhale popanda ankhoswe kapena mpingo. Ndikudziwa mabanja ambiri a ku Area 5 amene mawuwa angawadzidzimutse. Chotikhudza ndi chakuti mwamuna wovomera mimba, kapena amene bwalo lamupeza kuti ndi mwini wake, ayenera kusamala mayiyo nthawi yonse ya pakati ndi kulipira zofunika pochira. Mnyamata akakhala wosafika msinkhu, udindowo umagwera makolo ake. Wathuyu ndi wamkulu, wandevu zake.

Lamulungu madzulo

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ndalama yeniyeniyo. Pogamula, bwalo limayang'ana zimene makolo onse awiri amapeza, ana ena amene munthuyo akusamala, ndi kudula kwa moyo kumene mwana akukhala. Makolo onse awiri, ndabwereza kumuuza mtsikanayo, kuti asaganize kuti geni yake ya mandasi sidzafunsidwa. Munthu wa pa ntchito yolembedwa, bwalo likhoza kulamula kuti azimudula kumalipiro. Nanga wathuyu, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza ya bwana wake? Alibe pepala la malipiro. Adzanena kuti tsiku lina amabwera chimanjamanja, ndipo nthawi zina adzakhala akunena zoona. Inenso pali miyezi imene sindigulitsa ngakhale mpando umodzi. Pamenepa ndamumvera chisoni pang'ono, ngakhale sindinauze aliyense. Komabe tsiku limene iye sanapeze kanthu, mwana amadya phala, ndipo wogula ufawo ndine.

Mkulu wa kumpingo uja akuti chigamulo chikatuluka ntchito imakhala isanathe. Munthu akasiya kupereka, wodandaula amayenera kubwereranso kubwalo kukanena, ndipo ulendo uliwonse wa m'tauni ndi ndalama ya minibasi komanso tsiku losagulitsa mandasi. Amayi ambiri amatopera pamenepo.

Lolemba

Tagwirizana zoyamba ndi ofesi ya Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti izithandiza osakwanitsa kulipira loya, kenako kubwalo la ana kukatenga chisamani. Usiku tinakhala pansi kulemba zimene khandalo limadya pamwezi: ufa wa phala, sopo, makala, mafuta odzola, ulendo wa kusikelo. Mtsikanayo ankadziwa mtengo wa chilichonse pamtima, ine ndikungolemba. Tayika mu envulopu buku la kusikelo ndi chiphaso chake cha unzika. Ndinamufunsa ngati akufuna kuti ndikamuyankhulire ine, monga mwa mwambo. Anati ayi, akayankhula yekha, ine ndikangonyamula mwana.